Timipopi ta m'Minofu ya Ababa

3 Malichi 1993

Wokondedwa mlongo wanga Namabuku,

Moni wochokera kuno kwanu. Ife tili bwino, kaya iwe kumayiko ozizirako. Amayi ali bwino ndithu, akupalasabe makina awo osokera pakhonde la sitolo ija, ndipo akuti ndikufunse ngati ukudya. Mlamu wako akupereka moni. Ine ntchito ya upulambala ikuyenda. Anthu sasiya kuthyola mipopi, ndiye Sipanala sagona ndi njala.

Nkhani imene ndakulembera ndi ya mwana wathu Kamphepo. Ukumudziwa, zaka zisanu ndi zitatu koma sayenda, amangouluka. Mu Januwale anagwa pampanda wa kusukulu akuthamangitsana ndi anzake, n'kuthyoka mkono wamanja pafupi ndi chigongono. Anamuika chikhakha, koma atachotsa tapeza kuti fupa lalumikizana mokhota. Zala ziwiri zikuchita dzanzi, pensulo akuigwira ngati khasu. Adokotala a mafupa amujambula, ndipo akuti ayenera kumugonetsa tulo, awongole fupalo n'kuikamo kawaya. Atipatsa tsiku la 28 Epulo. Akuti ndi kantchito kochepa, ola limodzi basi, koma tikachedwa zalazo zikhoza kufa.

Mwiniwake alibe nazo mantha. Akungofunsa ngati maginito azidzamata pamkono pake akamuika kawayako. Amayi ndiwo sanalankhule zambiri nditawauza. Ukudziwa kuti mawu oti opaleshoni safuna kuwamva chichokereni ababa. Anangoti "chabwino" n'kupitiriza kusoka.

Tsono iwe, tatiuza zoona. Anthu akandifunsa kuti mlongo wako amagwira ntchito yanji kunjako, ndimati ndi dokotala. Akati wa chiyani, ndimayamba kutsokomola, chifukwa m'kalata yako yatha unati umakhalira kudula nyama ya nkhumba n'kumaiyang'ana pamakina. Zaka zonse zija za sukulu kuti ukakhale wa butchala? Talongosola bwinobwino m'chinenero cha anthu, kuti nanenso ndizinyadira chinthu chimene ndikuchidziwa.

Ine mlongo wako,
Sipanala

17 Malichi 1993

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndailandira dzulo, ndipo ndaiwerenga kawiri nditaimirira pamasitepe, chikhoti chili m'manja. Ndili bwino, ndikudya, muwauze amayi. Koma nkhani ya Kamphepo yandikhazika pansi. Mundilole ndiyambe ndi funso lanu la butchala, chifukwa yankho lake likukhudza mwanayo.

Mwati ndilongosole momveka. Chabwino, ndilankhula chipulambala. M'kati mwa mnofu uliwonse, wa mkono, wa mwendo, wa nsagwada, muli timathanki ting'onoting'ono todzaza ndi mchere wina wotchedwa kashiamu. Pakathanki kalikonse pali timipopi. Mukafuna kukweza sipanala, ubongo umatumiza uthenga, timipopi timatseguka, kashiamu amatuluka, mnofu umakokana. Kenako timatseka, kashiamuyo amapopedwa kubwerera m'thanki, mnofu umamasuka. Zonsezi zimatha musanaphethire. Ntchito yanga ndi kufufuza tinthu ting'onoting'ono timene timagwira kampopi kameneka, tina tokatsegula, tina tokatseka. Mchere wina, magineziyamu, amakagwira kuti kasatseguke pachabe. Kafini, uja ali mu tiyi ndi khofi, amakatsegula. Ife m'labu tikafuna kudziwa ngati timipopi tili tofooka, timathira kafini pakachidutswa ka mnofu n'kuona ngati kakokana msanga.

Nkhumba zikubwera apa. Pali nkhumba zina zobadwa ndi timipopi tofooka, tinene kuti kamphira kake sikagwira bwino. Zimakhala bwinobwino, zonenepa, mpaka tsiku limene zapuma mpweya uja madokotala amagonetsera anthu. Pamenepo timipopi tonse timatseguka nthawi imodzi osatsekanso. Thupi limauma gwa, limatentha koopsa, mtima umathamanga mpaka kuima. Anthu enanso amabadwa choncho, ndipo zimayenda m'magazi. Kholo likakhala nazo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka.

Achimwene, ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi ababa akumwalira, inu khumi ndi chimodzi. Timangodziwa kuti anagwa pamakwerero akupenta nyumba, analowa m'fiyeta kuti akawakonze bondo, ndipo sanatulukemo amoyo. Munthu wamphamvu ngati uja, bondo lokha! Chimodzi chokha ndimakumbukira. Pamaliro mayi wina ananong'oneza mnzake kuti anamwino ankadabwa, thupi linali lotentha ngati simbi ngakhale munthu atatsirizika. Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zonsezi, mwinanso ndi amene anandifikitsa ku nkhumbazi. Amayi sindinawafunsepo, ndinkaopa kutokosa bala. Tsopano sindingakhalenso chete.

Chonde chitani zinthu ziwiri. Afunseni amayi, mofatsa, zimene anaona ndi zimene madokotala anawauza tsiku lija. Ndipo mukaonane ndi dokotala wogonetsa, osati wa mafupa, mukamuuze kuti agogo ake a mwanayu anafera m'fiyeta atatentha thupi. Pali njira ina yogonetsera, ya jakisoni, yopanda mpweya umenewo. Dokotala akadziwa, Kamphepo sakhala pangozi.

Sindikunena kuti ndi zimenezi ndithu. Ndikungoti tisayesere pa mwana. Ndayesa kuimba foni ya kusitolo kumene amayi amasokera, koma akuti nambalayo inadulidwa.

Mundifungatirire Kamphepo, mumuuze kuti azakhali ake akuti pepa, maginito sadzamata.

Mlongo wanu,
Namabuku

2 Epulo 1993

Namabuku,

Moni. Tili moyo. Ndiyambe ndi kukuuza kuti kalata yako yatisokonezera nyumba.

Ndinapita nayo kwa amayi Loweruka masana, ndinawapeza akumwa tiyi. Ndinati ndiwawerengere yonse kuti anyadire mwana wawo. Za mathanki anaseka, akuti, "Ndiye kuti ndinabereka mapulambala awiri." Koma nditafika pa tiyi ndi khofi paja, kenako pa ababa, anaika kapu pansi, nkhope itasintha. Anati ndibwereze pa tiyipo. Ndinabwereza. Anadzuka, kulowa kuchipinda, kutseka chitseko. Ndinagogoda mpaka zala kuwawa. Kuyambira tsiku limenelo akudya ngati mbalame, makina aphimba, makasitomala akubwerera ndi nsalu zawo. Ndikawafunsa za ababa akungoti, "Zinapita zimenezo."

Iwe, sukulu ndi yabwino, koma nthawi zina umaiwala kuti anthufe tili ndi mitima, sitili nyama ya m'labu. Mayi anatilera yekha ndi singano, lero ukamufukulire mwamuna wake pakalata? Ukanakhala pano ukanaona wekha.

Komabe usati sindinakumvere. Lolemba ndinajomba kuntchito n'kupita kuchipatala. Dokotala wogonetsa alipo mmodzi yekha, mzimayi, ndipo amakhala m'fiyeta kuyambira m'mawa. Odwala amawaona tsiku loti mawa lake ndi opaleshoni. Ndinalankhula ndi womuthandizira wake pawindo. Nditayamba za timipopi anandiyang'ana ngati ndalawa. Anati, "Bambo, aliyense ali ndi m'bale amene anafera m'fiyeta. Muli ndi pepala?" Ndinapita kosungira mafayilo. Mkulu wa kumeneko anangoseka, akuti mafayilo a zaka makumi awiri ndi zinayi zapitazo anadyedwa ndi chiswe iye asanayambe n'komwe ntchito. Ndiye umboni wathu wonse ndi manong'onong'o a pamaliro amene anamva mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Mlamu wako akuti tingoisiya opaleshoniyo. Koma dzulo Kamphepo anakhudza ketulo yotentha ndi zala ziwiri zija osamva kanthu, tinangoonera matuza. Ndiye undiuze, mlongo wanga wophunzira, ndichite chiyani? Kumulowetsa ndikuopa, kumusiya ndikuopanso. Pepa ngati ndalankhula mokalipa, ndi mantha.

Sipanala

5 Epulo 1993

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Ndalemba ndekha, usaseke zilembo, maso anatha ndi ulusi wakuda. Mlongo wako sakudziwa kuti ndalemba, ndipo usamuuze.

Wafunsa za tsiku lija. Ndikuuza, chifukwa zikuoneka kuti makina akowo anakuuza kale.

Bambo ako anawagoneka m'chipatala Lachiwiri, opaleshoni inali Lachitatu m'mawa. Namwino anapachika kachikwangwani pabedi, ndipo anandiuza ine pamaso kuti asadye kanthu, asamwe kanthu, ngakhale madzi. Ndinamva bwinobwino. M'mawa ndinafika ndi fulasiki ya tiyi, ndinati ndizimwa ndekha podikira. Bambo ako anamva fungo. Iwe unali mwana, sukudziwa mmene ankapemphera chinthu, munthu sukanakana. Anati, "Amake ana, kukhosi kwauma, kakapu kamodzi kokha, aone ndani?" Ndinakana kawiri. Kachitatu ndinakoka katani n'kuwathirira m'chivundikiro cha fulasiki. Atamwa anati, "Tsopano akhoza kudula mwendo wonse." Tinaseka. Ndiwo mawu awo omaliza kwa ine.

Patapita maola awiri ndinaona anamwino akuthamanga ndi mabeseni a madzi oundana. Kenako anandiitana. Ndinawagwira dzanja, linali lotentha ngati simbi, nsagwada zitalumana, mikono ili gwa. Anali atapita kale.

Dokotala wogonetsa anali mwamuna wamtali, wachilendo, thukuta lili kamukamu. Anandifunsa mafunso ambiri kudzera mwa namwino. Limodzi linali lakuti, kodi anadya kapena kumwa kanthu m'mawa uno? Ndinati ayi. Ndinanama, mwana wanga, mtembo wa bambo ako uli pomwepo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi n'kulemba pepala lodzaza mbali zonse m'chizungu, anadinda chidindo, anandipatsa. Namwino anamasulira mothamanga, ine makutu atatseka. Ndinangomva zoti ndilisunge, ndizilionetsa kwa dokotala aliyense amene adzagwire ana anga. Ndinadziwa pomwepo kuti wandigwira bodza, ndipo walemba kuti madokotala onse adziwe kuti mayi wa anawa ndi wotani.

Pepalalo lili pansi pa kadirowa ka makina, ndinalikulunga m'kansalu. Sindinalionetsepo munthu. Inu mutayamba kuwerenga chizungu ndinakhomerapo kathabwa pamwamba. Kuliwotcha ndinalephera, pali dzina la bambo ako.

Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti mwina si tiyi. Tsopano iwe, mwana wanga weniweni, walemba kuti chimene chili mu tiyi ndicho chimatsegula. Ndiye ndikufunsa, undiyankhe mosazungulira monga umachitira: kodi ndine ndinapha bambo ako? Ndipo Kamphepo tikapanda kumupatsa kanthu m'mawa mwake, ndidzamulondera ndekha, kodi sizikwanira? Mpaka pepalali lituluke? Mlongo wako amawakonda bambo ake mpaka lero. Akadziwa sadzandiyang'ananso kumaso.

Ndikudikira yankho lako. Uzivala zofunda.

Mayi ako

15 Epulo 1993

Achimwene,

Moni kwa nonse. Kalata yanu ya pa 2 yafika. Mwandikalipira ndipo ndalandira, mwina ndinalemba ngati ndili m'kalasi. Koma sindibweza mawu. Amayi ndimawakonda monga mumawakondera inu, ndipo ndikudziwa kuti atati asankhe pakati pa bala lawo ndi Kamphepo, angasankhe Kamphepo.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti bwanji akhumudwira pa tiyi. Kodi ababa ankakonda tiyi kwambiri? Ine sindikukumbukira.

Opaleshoni musaisiye, zala sizidikira. Muenvulopu muno ndaikamo kalata ina ya dokotala wogonetsa, abwana anga asainanso. Ifika nthawi ikadalipo, 28 ili kutali. Mukaipereke m'manja mwake, osati pawindo. Akakuuzani kuti watanganidwa, khalani pakhomo la fiyeta ndi bokosi lanu la zitsulo mpaka atuluke. Ndikukudziwani, munaimapo pageti tsiku lonse mvula ikugwa pofuna kufunsira mlamu.

Amayi sanandilembere. Muwauze kuti ndapepesa.

Namabuku

18 Epulo 1993

Mwana wanga,

Moni. Ndikhulupirira kuti kalata yanga inakupeza, kapena ili m'njira. Kuno zinthu zasintha. Adokotala a mafupa ataona matuza pazala za Kamphepo anati sangadikirenso 28. Akumugoneka m'chipatala mawa Lolemba, opaleshoni Lachiwiri. Ndawerenga masiku pakalendala kawiri, yankho lako silingandipeze.

Lachisanu mlongo wako anabwera, anakhala pampando wa makasitomala, mutu uli m'manja. Anati, "Amayi, akufuna pepala, ine pepala ndilitenga kuti?" Ankanena atatsamira makina, chigongono chake chili pamwamba penipeni pa kadirowako. Atapita, Kamphepo anatsala nane, ndinamupatsa mabatani kuti andisankhire. Ankatola ndi dzanja lamanzere, lamanja ataliika pamwendo ngati si lake.

Ndaganiza chonchi. Ngati ndi tiyi yekha, pepalali lipweteka ine ndekha. Koma ngati muli china chimene ine sindikuchidziwa, ndiye kuti ndakhalira moyo wa mwana. Dzulo ndazula kathabwa kaja.

Zovala za anthu ndamaliza zonse, ndaika mayina ndi mapini, zili m'katoni. Sindikudziwa ngati mlandu wotere umatha ndi zaka, ndiye ndalongedza kachikwama, mwina andisunga komweko. Makina adzatenge mlamu wako, dzanja lake ndi labwino kungoti amathamanga. Ukadzamva zonsezi kwa ena, udzakumbukire kuti ndinayamba kukuuza ndine.

Mayi ako

19 Epulo 1993

Amayi anga okondedwa,

Kalata yanu ya pa 5 ndaitsegulira m'labu lero, ndipo ndalira mpaka mnzanga wogwira naye ntchito anazimitsa makina n'kunditulutsa panja. Mwati ndiyankhe mosazungulira. Ayi, amayi. Simunaphe ababa. Ayi.

Ndinalakwa ndine kulemba za tiyi osalongosola. Kafini amene timathira m'labu ndi wochuluka kwambiri, munthu angafunike kumwa makapu oposa zana nthawi imodzi kuti afike pamenepo. Wa m'chivundikiro cha fulasiki sangasunthe kanthu. Ababa ankamwa tiyi masiku onse a moyo wawo osatentha thupi. Anamwino amaletsa kumwa pa chifukwa china, kuopa kuti munthu angasanze ali mtulo n'kutsamwa. Wotsamwa sauma nsagwada, satentha ngati simbi. Zimene mwalongosolazo ndi zimene ndimaona pa nkhumba zanga, chimodzichimodzi. Unali mpweya wogonetsa uja, pathupi lobadwa ndi timipopi tofooka. Akanalowa m'mimba mulibe kanthu, zikanachitikabe. Masiku amenewo ngakhale mankhwala otsekera timipopito anali asanadziwike, anabwera patapita zaka.

Pepalalo sindinalione, koma ndikuganiza kuti ndikudziwa zimene likunena, ndipo si za inu. Chonde, amayi, lipititseni kwa dokotala wogonetsa lisanafike tsiku la 28. Achimwene musawaope, ndi okalipa pakamwa pokha.

Ndikaganiza kuti munkasoka mayunifolomu athu pamwamba pa chinthu chimenecho, tsiku ndi tsiku, uku mukutiseketsa, mtima ukundiwawa. Ababa anapempha tiyi kwa mkazi wawo, anamwa, anaseka. Palibenso china chimene munachita m'mawa umenewo.

Ndayesanso foni, sikulowa. Ndikuthamangira ku positi.

Mwana wanu

22 Epulo 1993

Namabuku mlongo wanga,

Ndiyambe ndi chimene ukufuna kumva. Kamphepo ali bwino. Opaleshoni anaifulumizitsa, inachitika Lachiwiri pa 20. Wadzuka, wadya, wayamba kale kulamula anamwino. Zala akuti zibwerera pang'onopang'ono, koma dzulo nditamutsina chaching'onocho anati "Asa, ababa!" ndipo sindinasangalalepo chonchi ndi mwana wondikalipira.

Tsopano khala pansi. Lolemba masana tili mu wodi, dokotala wogonetsa anabwera ndi kafayilo kake, mzimayi wamfupi wa magalasi, wooneka wotopa. Ndinayamba za timipopi zija, lilime likundikola. Ankamvetsera, koma maso ali pawotchi. Basi tinangoona amayi akulowa, atavala diresi yawo ya kutchalitchi, kachikwama kali kudzanja. Sanatipatse n'komwe moni. Anaima pamaso pa dokotalayo n'kunena mokweza, wodi yonse ikumva, "Adokotala, ine ndi amene ndinapha agogo ake a mwanayu. Ndinawapatsa tiyi. Zonse zili umu. Chitani nane chimene mukufuna, koma muwerenge musanamugwire mwanayu."

Mlamu wako anagwira pakamwa. Dokotala anamasula kansaluko, munali pepala lachikasu lothetheka m'mapindo. Anawerenga ataimirira, kenako anakhala pabedi la Kamphepo n'kuwerenganso. Anavula magalasi. Anati, "Mayi, pepalali munaliwerengapo?" Amayi anati ayi. Anati, "Muno mulibe za tiyi." Ndipo anawamasulira mzere ndi mzere. Dokotala wakale uja analemba kuti ababa anauma ndi kutentha atangopuma mpweya wogonetsa, kuti iye anawerengapo za vuto lotere loyenda m'banja, ndipo kuti ana a munthuyu ndi adzukulu ake asadzapatsidwe mpweya umenewo. Pamapeto analemba kuti anayesetsa, ndipo wapepesa.

Amayi anafunsa katatu, "Za tiyi mulibe?" Kachitatu dokotala anawagwira dzanja, anati, "Tiyi sachita zimenezi, mayi." Ndinawanyamula amayi n'kuwakhazika pampando. Ndi opepuka, mlongo wanga. Sindinkadziwa kuti amayi ndi opepuka chonchi.

Dokotalayo anasintha zonse. Kamphepo anamuika woyamba m'mawa, anachotsa botolo la mankhwala a mpweya uja pamakina, anasintha mapaipi onse, ntchito imene ndikanamuthandiza akanandilola, n'kumugonetsa ndi jakisoni. Anaika madzi oundana pafupi, koma anasungunuka osagwira ntchito. Atatuluka anandiuza kuti pakanapanda pepala lija akanamupatsa mpweya womwewo, chifukwa ndi umene amapatsa ana onse. Ndinakhala pansi pasimenti nditamva zimenezo. Ngati Kamphepo anatengera sitikudziwa, akuti kuno kulibe poyezera, ndipo ine sindikufuna kudziwira m'fiyeta.

Ndinakukalipira pachabe, undikhululukire. Pobwerera amayi anandifunsa ngati ndawakwiyira. Ndinati inde ndakwiya, mutu umodzi susenza denga, nanga iwo anasenzeranji okha ife tilipo? Anangondigwira mkono podumpha msewu. Kachikwama kaja ndinanyamula ine. Munali mswachi, sopo, Baibulo ndi chithunzi chathu tili ana, iwe ukulira chifukwa cha nsapato zothina.

Ngati unatumiza kalata ina, sinafike. Dokotala wamagalasi akuti akufuna akulembere, amve zambiri za nkhumba zako. Taona, butchala wathu watchuka.

Mlongo wako,
Sipanala

3 Meyi 1993

Mwana wanga,

Moni. Kalata yako ya pa 19 inafika Lachisanu. Ndaiwerenga mpaka ndaloweza. Zikomo poyankha mosazungulira. Kamphepo wabwerera kusukulu ndi chikhakha chodzaza mayina a anzake, ndipo aphunzitsi akuti akuthamanga nachobe.

Mlongo wako wajambulitsa pepala lija kanayi. Lako ndaliika muno. Uziyenda nalo kulikonse, adokotala akuti iwe ndi mlongo wako zikukukhudzaninso. Apa ndiye pali kulakwa kwanga kwenikweni, ndipo usanditsutse. Munthu uja analemba kuti akutetezeni, ine ndinakhomerera ndi misomali. Mmodzi wa inu akanathyoka mwendo ali mwana, ndikanamupereka ndi manja angawa, pepala lili m'kadirowa. Ndi chisomo chabe kuti sizinatero. Safunsa anadya phula, ine ndadya zaka makumi awiri ndi zinayi.

Ndinawafunsa adokotala amagalasi aja kuti nanga ngati si ine, wolakwa ndani? Anati palibe. Ndinati dokotala wamtali uja? Anati ayi, nayenso sakanadziwa. Nanga amuna anga? Anati munthu sasankha chobadwa nacho. Ndinabwera kunyumba ndi mawu amenewo, ndipo ndikuuze zoona, sindinapepukidwe monga ndinkayembekezera. Ndinkangozungulira m'nyumba ngati ndataya kanthu.

Pali chimene sukudziwa. Pamaliro a bambo ako sindinalire. Ena anati ndine wolimba mtima, ena ananena zina. Ine ndinkaona kuti ndilibe chilolezo, wopha munthu alira bwanji pamaso pa ana ake? Zaka zonsezi ndikati ndiwakumbukire, ndinkangoona chivundikiro cha fulasiki. Nkhope yawo sinkabwera.

Loweruka ndinali kusoka kolala ya shati ya munthu, dzuwa likuswa mtengo, basi ndinangowaona. Penti yoyera ili m'tsitsi, akupukuta manja pa ovolosi, akundiseka kuti kolala yakhota. Ndinasiya kupalasa. Ndinalira pakhonde pomwepo, mokweza, anthu akudutsa. Mwini sitolo anatuluka akuthamanga kufunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati amuna anga. Anati pepani, liti? Ndinati kalekale, koma uthenga wandipeza lero.

Ndine mayi ako